Sofa ya pa Chisime

Mande, 8 Januwale

Napasidwa nchito. Nchito yake ni kunkala. Ba ticha bamene banali kukamba ati "Dingani, iwe suzafika kulikonse" banaona patali, kaili manje olo pa geti sinifika.

Kolera yavuta mu Kanyama. Pa wailesi baminisita bakamba ati akatswiri a zaumoyo bapima, bapeza kuti matenda yachokela mu visime, ndiye visime vonse vikwililidwe. Masoja na banthu ba kanso ya mzinda bayamba kale kumbali ya ku msika, bathila laimu na myala, pamwamba dothi. Ba malume Fanwell, bene ba yadi ino, bazima wailesi monga yabatukana. Chisime chathu banakumba batate bao pamene banabwela kuchoka ku Dedza, kuswa mwala na moto na nyundo. Ife na bonse bochita lenti timwa mwamene umo.

So kuseni batulusa sofa yakale ija yamene makoswe banatopa nayo. Baika pamwamba pa chisime, baboola pansi pake, baikapo thabwa na kushoni. Ukachosa kushoni, chigubu chingena na nthambo. Ukabweza, ni sofa chabe. Pamwamba bamanga ka pulasitiki ka mvula. Chinasala ni munthu, kaili sofa yonkala yeka pakati pa yadi ibwelesa mafunso.

"Iwe ndiwe ulibe vochita," ba malume. Sininakane. Kuchokela pamene banatipilikisa mu misewu ya mu tauni, salaula, vovala vija vakale, yamene nenze kuitanila yatsekeledwa mu masaka.

"Bakachipeza chisime ichi, utenge chola chako, ku Katete kwa amai bako. Ukalishe mbuzi."

Ku Katete ninayendako kamozi nili mwana. Mbuzi ndiye inanilisha ine.

Chibili, 9 Januwale

Pansi pa matako pachoka mphepo yozizila monga nankala pa filiji. Uzuzu nao uchokela mwamene umo, ubwela na adilesi yanga kale.

Edwell, muzanga wa kondakita, anapita pano masana. Anaseka mpaka kugwila chipupa. Ati sindine neka, laini yathu yonse yabisa. Ba Chalbe... awe, ba Chalwe, nilembe bwino banganikwiyile, baika khola ya nkhuku pamwamba pa chao. Ba makanika ba pa kona bakokelapo galimoto ilibe mawilo. Bamai baja ba chalichi ya pente baika thebulo na nsalu yoyela na maluba, ati ni guwa, munthu wosasala kudya asayandikile.

Nafunsa Edwell ngati anabaonapo akatswiri aba. Ati bankala mu ofesi yozizila, bamwa manzi ya mu botolo, Kanyama baiona pa foni. Ine nati mwina ni munthu umozi chabe, dzina yake ni Akatswiri Banda, baminisita bamutumila foni akali mu bafa. Chilichonse manje ni beve. Musapasane moni wa kumanja, akatswiri. Musagulise vitumbuwa, akatswiri. Zuba ikangena bonse mu nyumba, akatswiri. Mailo bazakamba kuti kuseka kufalisa kolera, ndiye ine nizamangidwa woyamba.

Chitatu, 10 Januwale

Babwela.

Masoja babili, mudala wa kanso wa mimba, na kamukazi kena mu magambuti, kanyamula bokosi ya mabotolo. Ba malume banangena mu nyumba ati bafuna magalasi. Sibavala magalasi.

Msoja: "Iwe, imilila ukaona bakulu."

Ine: "Ba bwana, nili na chithupsa pamalo yamene sininganene pamaso pa ba madamu. Ngati mufuna kupima, bwelani na magulovu."

Muzake anaseka, uja woyamba anabwelela kumbuyo. Mu nthawi ya kolera kulibe afuna kugwila munthu wa vilonda.

Ba madamu bafunsa kwamene titapa manzi. Nati ku kiyosiki. Ati iti? Nati ija ya kuseli kwa chigayo. Baniyangana. Kiyosiki ija pompi yake inauma nikali na mano ya mukaka. Bayangana futi pansi, pamene panali ponyowa kuzungulila sofa, zuba ili phwee. Nati nituluka thukuta maningi, ni vamumagazi.

Balemba. Bayenda. Ba malume batuluka banipasa chimanga chowocha, ati "Mutu ulimo, sukulu chabe ndiye inakukana." Kuyamika kwao kukulu kumene ninamvelapo.

Chinayi, 11 Januwale

Mvula. Matako yanga yamwalila, malilo baletsa.

Chisanu, 12 Januwale

Mvula siinaleke. Yadi yonse ni damu. Chimbuzi chazula mpaka pakamwa, vamukati vatuluka viyenda-yenda monga navo vichita lenti. Kuchoka pa chimbuzi kufika pa sofa yanga, olo kamwana kangaponye mwala. Nanyamula mendo, nankala monga chule. Manzi yopita pansi panga nayaona kwamene yangena. Sininauze munthu.

Ba anti Magdalene, bakazi ba malume, bathila kolorini mu ndowa iliyonse, bayembekeza, ndiye timwe. Ba malume bakana. Ati inunkha chipatala, ati manzi aya yanabakulisa beve na balongo bao, yayamba liti ufiti?

Malaini yamene banakwilila visime baikako matanki yakulu pa myendo ya nsimbi. Laini yathu kulibe. Bazimai bakwiya, ati boma itizonda.

Mazulo batenga kazukulu ka ba Chalwe, kaja kamene kamaniitana "Dingi wa bodza". Kanayamba kuthulula kuseni, pofika masana maso yangena mukati. Bakapeleka ku sitediyamu kwamene bagoneka bodwala. Bambuya bake banabakaniza pa geti.

Nenze na nthabwala ya nkhuku za ba Chalwe, nenze naisunga kuti niuze Edwell. Yankala.

Chibelu, 13 Januwale

Ba madamu ba magambuti babwela beka, kulibe masoja. Dzina ni Chisenga. Bafunsa za chithupsa, nati chakula, chayamba sukulu. Ati mendo yababa, kuchokela kuseni bali mu matope. Nikalibe kuyankha, bankala pa sofa. Pa kushoni yeve ija.

Mutima wanga unachoka unayenda ku Katete weka.

Batambasula mendo. Ndiye ati, "Sofa yanu ili na mphepo yabwino."

Nati ni ya ku Dubai.

Baseka, koma kuseka kwa munthu wamene sanagone. Nafunsa ngati babaziba akatswiri ba pa wailesi. Ati, "Ndine wamene." Nayangana magambuti, imozi yong'ambika, bamangila pulasitiki mukati. Nati awe, Akatswiri Banda sangankale so.

Banifotokozela. Beve batapa manzi, bapeleka ku labu, tuzilombo tufunika nthawi kuti tuonekele. Koma bakulu bafuna yankho ikalibe kufika nyuzi ya mumazulo, kaili banthu bafa ndipo dziko ifunsa. So bakulu baitana madokota, ba manzi, ba kanso, masoja, aliyense akamba vake, nthawi zina basusana mpaka kumenya thebulo. Pamapeto baminisita batenga vamene vingachitike na vamene bali navo pa manja. Masoja na mafosholo balipo kale. Matanki yafunika kusakila.

"Ife tinakamba ati yambani mwaika tanki, ndiye mukwilile chisime. Pa wailesi panamveka mbali yothela chabe."

Nati nanga ise tanki yathu ili kuti?

Ati matanki ni yang'ono, so bayapeleka kwamene kwapezeka visime, kaili ndiye kuli banthu bamene bazasala opanda manzi. Laini yathu banapita nyumba na nyumba. Aliyense ati titapa ku kiyosiki. So ku ofesi laini ino ioneka ya banthu ba pompi, monga ku mayadi. "Nabauza kuti ni boza. Ati bwelesa manzi tione. Nizabwelesa chani? Nkhuku? Guwa?"

Nafuna kuseka, vakana. Tabisa bwino maningi mpaka tazibisa teka.

Nati, ba sisi, tikambe monga banthu. Munthu wina, osati ine, akaonesa chisime lelo, chizayamba kubwela ni chani, tanki olo laimu?

Sibananame. Ati, "Siniziba. Nizakamba mwamphamvu. Koma sindine nituma mathilaki."

Baima, bakonza kushoni bwino-bwino na manja yao, ati beve si msoja, sibanyamula mipando ya banthu. Ati bazankala mu laini ino mpaka sabata ya mailo.

Mumazulo nauza ba malume va tanki. Banileka nasiliza, ndiye ati niyende nikaone tanki ya kwa Edwell. Banaizaza siku yoyamba, makamela yalipo. Kuchokela apo ni ng'oma, bana bamenya. Bazimai ba kuja babwela kuno kuseli kupempha manzi ya mu sofa. "Munthu akakuuza vula nsapato nizakugulila zinyowani, uyambe waona zinyowani. Banali kuti akatswiri bako pamene batate benze kuswa mwala?"

Vamene bakamba ni vazoona. Vamene bakamba ba Chisenga navo ni vazoona. Ine nili pakati na matako.

Sondo, 14 Januwale

Kazukulu ka ba Chalwe kamwalila. Thupi sibanapase banja. Ba boma ndiye bakaika mu manda, kali mu pulasitiki, banthu bang'ono chabe baimilila patali. Kulibe kusambika, kulibe kugona pa malilo, kulibe moto panja. Ba Chalwe bankala pa khomo beka. Banthu bapita mu musewu bagwila pa chifuba, bapitilila.

Khola ya nkhuku ikali pamene paja.

Bamai bena bochita lenti kwathu bayamba kulongeza, ati bapeleka bana ku komboni ya Garden kwa mukulu wao. Ba malume kuti baonese kuti kulibe vuto batapa chigubu pamaso pa bonse, bamwa, yochuluka yayenda mu ndevu. Ba anti, bamene babaitana na dzina ya mwana wao Tiwo, bati, "Bashi Tiwo, muzatisiya na manyazi." Beve ati, "Mwaona? Nafa?"

Edwell ati basi yao ifuna woitanila, nibwele mailo. Nati nili pa nchito ya boma, nisungila boma chinthu chamene siiziba.

Nayesa kuganiza Katete. Kulibe malaiti, kulibe Edwell, amai na bamuna bao banyowani bamene baniitana "uja". Nayesa futi kuganiza kamwana kaja. Vonse vibili vikana kunkala mu mutu pamozi.

Mande, 15 Januwale

Banichosa nchito.

Wina anauza ba malume kuti ninaseka na ba madamu pa sofa. Ati, "Wagulidwa na magambuti. Choka, nizalonda neka." Bagona pamene apo na bulangeti.

Nenze niganiza nikaima nizavina. Nayenda mpaka pa geti, nabwela. Kulibe koyenda, ku basi ya Edwell nako ninakana kale. Mu tauni masoja, ku msika batseka, ma bala batseka.

Ba malume bayenda ku chimbuzi kambili-kambili, pobwela bagwila chipupa. Ati ni nyemba za mailo. Nyemba tinadya tonse. Ba anti basakaniza shuga na mchele mu manzi yobilisa, beve bamwako pang'ono, baluka. Ba anti ati tiyeni ku kiliniki. Ba malume ati bakangoniona bazabwela kupopela yadi, bazanyamula sofa. Nati malume, nizankalapo ine, chithupsa chikalipo. Sibanaseke. Mau yao yachepa monga ya pa foni ya netiweki yoipa.

Chibili, 16 Januwale

Nilemba mapewa yatupa.

Kuseni ba malume banakangiwa kuima. Sibanayende na ku chimbuzi, vinali kuchoka chabe, voyela monga manzi yosukila mupunga, kupita mu kushoni, mu thabwa, pansi. Pansi pake tonse tiziba chilipo. Masaya yangena, vala vafota monga banachapa siku yonse. Ba anti bakuwa. Nathamanga kuitana Edwell.

Ambulansi inali ku musewu waukulu, kuno siingangene, matope yafika mu mabondo. Wilibala ya ba makanika tayesa, wilo yamila pa geti pamene. Tayesa kubanyamula pa manja, balila, mendo yauma yakokana, sibafuna kugwilidwa. Edwell aniyangana, ayangana sofa.

Mu musewu munali ba Chisenga na mudala wa kanso na masoja, bapopela kwa ba Chalwe. Geti yathu ili chosegula.

Ba malume banamvela vamene tiganiza. Banigwila shati, mphamvu kulibe, monga kamwana. "Dingani. Siya sofa."

Nati, "Malume, gwilani bulangeti, basi inyamuka."

"Katete," ati.

Nati, "Nizapita. Edwell, kumendo."

Tanyamula. Sofa ija ilema monga ili na makoswe bonse ba mu Kanyama mukati. Pamene inachoka pansi, chisime chinangoti yasa pakati pa yadi, nthambo na chigubu vili lende. Bochita lenti bonse baima pa makomo.

Pa geti tinapitana na msoja uja wa siku ija. Ayangana ine, ayangana kumbuyo kwanga, ati, "Chithupsa chapola?" Nati chaphulika, bwana. Anapasa muzake mfuti, agwila mbali imozi ya sofa. Tinayenda so mu matope, ba anti kumbuyo na chitenge na ka botolo, kuitana "Bashi Tiwo, Bashi Tiwo" kuti basagone. Nsapato yanga imozi inasala mwamene umo, sininaime.

Ku ambulansi banabaika dilipu pamene apo. Ba anti banabalola kukwela mpaka pa geti ya sitediyamu chabe. Sofa banaipopela, ati iyi siibwelela, izawochedwa.

Pobwela napeza ba Chisenga bagwada pa chisime, bazaza mabotolo yao. Sibananiyangane na maso ya "ninakuuza". Banali pa foni, kukuwa na munthu wina wamukulu, ati laini yonse iyi ni visime, tanki ibwele lelo, osati mailo, lelo, nalemba kale kabili. Uja wa pa foni anakamba vitali. Beve ati "Yes sir" mau yagwa.

Ba Chalwe banabwela pa geti, bayangana chisime chathu nthawi itali. Babwelela kwao. Tamvela nkhuku zikuwa, bakoka khola beka.

Laimu yafika masana. Tanki kulibe.

Chitatu, 17 Januwale

Pamene panali chisime pali chulu cha dothi yoyela. Masoja bananipasa fosholo, ati bene bathandize. Nathila. Mwala woyamba unatenga nthawi kuti umveke pansi. Bambuya banakumba, mwandi.

Guwa nayo yachoka. Galimoto ya ba makanika bakankha banthu bambili, kuseka kulibe.

Myendo ya nsimbi ya tanki baisiya pa kona mumazulo mailo. Myendo chabe. Bazimai bandandika kale vigubu kuzungulila, mzele wafika ku chigayo, bayembekeza chinthu chamene chikalibe mutu. Ba Chisenga bapita ati thilaki ili mu njila. Nati njila ya kuchokela ku Dubai? Ati, "Iwe Dingani, nileke," koma bamwetulako. Manzi yamene tili nayo mu nyumba ni ndowa imozi ya ba anti ya kolorini. Kusamba taimika.

Chola nalongeza kuseni. Sivambili, mathalauzi na chaja. Nachiika pa khomo kuti ba anti basavutike kunikumbusa.

Babwela masana kuchoka ku sitediyamu, maso yofiila. Ati nesi abauza pa geti kuti ba malume bauka, bamwa, dilipu ikali. Banabapasa foni ya nesi bakambe pang'ono. Nati bakamba chani? Ati chinthu choyamba, bakalibe na kufunsa bana, va mailo monga baiwala, ati "Pa sofa pali ndani?"

"Mwabayankha bwanji, anti?"

"Nati pali Dingani."

Bankala pa sitepu, bavula nsapato zamatope. Baona chola. Bachiyangana, baniyangana ine.

"Ichi ni chani?"

Nati Katete.

Bachikankha na mwendo, chagwela mukati mwa nyumba. Banipasa vigubu vibili.

"Bakabwela uzabauza weka va chisime, ine nizaimilila kumbuyo kwako. Manje yenda ukagwile malo pa mzele, bangatipitilile."

Nili pa mzele manje, nilembela pa bondo, nsapato imozi yanga imozi ya Edwell. Ba Chalwe bali pasogolo panga na ndowa. Kumusewu kwamveka injini ikulu, bonse taima. Sitiziba ngati ni yathu.